Mpira Wogwera Pakati

Phee ali chaka choyamba ku sekondale. Anzake anamutcha Phee chifukwa sayankhulayankhula. Phee ali ndi khumbo limodzi. Akufuna kusewera volebo m'timu ya kalasi yake.

Lachiwiri, kalasi yonse inapita kubwalo. Aphunzitsi a zamasewera anamanga neti pamitengo iwiri.

"Lumikizani mikono," anatero aphunzitsi. "Pindani mawondo. Mpira ugunde pamikono, osati pazala."

Phee analumikiza mikono. Anapinda mawondo. Mpira unagunda pamikono n'kukwera bwinobwino.

"Timagunda katatu basi," anatero aphunzitsi. "Woyamba alandira. Wachiwiri akweza. Wachitatu amenya kuti uwoloke neti."

Phee anaima pafupi ndi Nsungwi. Nsungwi ndi mtsikana wamtali kuposa onse m'kalasi. Ndi wamkulu kwa Phee ndi zaka ziwiri.

Mpira unabwera pakati pawo. Phee anabwerera m'mbuyo. Kunyumba anaphunzira kuti wamkulu ndiye amayamba. Nsungwi naye anaima, poganiza kuti Phee atenga. Mpira unagwa pansi.

Mpira unabweranso. Phee anabwereranso m'mbuyo. Mpira unagwanso pansi.

"Iwe Phee, mpira si mpando wa m'basi," anatero Nsungwi. "Usamandisiyire."

Onse anaseka. Phee anayang'ana pansi.

Aphunzitsi anafika pafupi. Sanakalipe.

"Ulemu wako ndi wabwino, mwanangu," anatero. "Koma pabwalo pano, amene wayandikira mpira ndiye mwini wake. Uziitana kuti, 'Wanga.' Mnzako akamva, akupatsa malo."

"Wanga," Phee ananong'ona.

"Ngakhale nyerere sinamve," anatero Nsungwi. Kenako anamupatsira madzi a m'botolo lake.

"Lachisanu tisewera ndi kalasi ina," anatero aphunzitsi. "Wosaitana mpira akhala pabenchi. Sindikufuna muombane mitu."

Phee anafika kunyumba ali ndwii. Anapeza bambo ake akukonza njinga pakhonde. Imeneyo ndiyo ntchito yawo. Phee anawauza zonse.

Bambo anapukuta m'manja. Anatenga mpira wakale n'kuupopa. Amayi anachotsa zovala pachingwe. Chingwe chija chinasanduka neti.

Bambo anaima tsidya lina. Amayi anaima pafupi ndi Phee. Bambo anaponya mpira pakati pawo.

Phee anasiyira amayi. Mpira unagwera m'beseni la madzi.

"Ine ndi msana wangawu?" anatero amayi akuseka. "Tenga, mwanangu. Ndakulola."

Bambo anaponyanso.

"Wanga," anatero Phee chapansipansi.

"Wati chiyani? Kuno sikunamveke," anatero bambo.

Anasewera Lachitatu. Anasewera Lachinayi. Mawu a Phee anakula pang'ono. Koma pang'ono chabe.

Lachisanu linafika. Phee anamanga nsapato zake. Anatseka maso.

"Ambuye, mikono mwandipatsa," anapemphera. "Lero ndipatseni mawu."

Kubwalo kunadzaza ana. Ena anakwera pampanda. A kalasi ina ija anali ochenjera. Anali atamva kuti mpira umagwa pakati pa Phee ndi Nsungwi. Woponya wawo analoza pomwepo.

Mpira unabwera. Phee anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Mpira unagwa pansi.

Aphunzitsi anayang'ana kubenchi. Mtsikana wina anaimirira, kukonzeka kulowa. Phee anamuona.

"Uli pafupi ndiwe," Nsungwi anamunong'oneza. "Ine ndikumvera iwe."

Mpira unabweranso pomwe paja.

"Wanga!"

Mawu anamveka bwalo lonse. Nsungwi analumphira pambali. Phee analumikiza mikono. Anapinda mawondo. Analandira. Mnzake wina anakweza. Nsungwi anamenya. Mpira unawoloka neti n'kugwa tsidya lina.

Aphunzitsi anagwedeza mutu mokhutira. Mtsikana uja anakhalanso pabenchi, akuomba m'manja.

Mpira unabweranso. Phee anaitana. Wina unabwera kufupi ndi Nsungwi. Nsungwi anaitana, Phee anamupatsa malo. Pakati pawo sipanagwenso mpira. Phee anasewera mpaka pamapeto, ndipo kalasi yake inapambana.

"Kodi mawu onsewa umawasunga kuti?" anafunsa Nsungwi. Phee anangomwetulira.

Pachipata cha sukulu, Phee anapeza bambo ake. Anali ataima ndi njinga. M'manja mwawo munali mudakali mafuta akuda.

"Bambo, munaona?" anafunsa Phee.

"Sindinaone, mwanangu. Ndinafika mochedwa. Anthu ananditchinga."

Phee anagwetsa nkhope.

"Koma ndinamva," anatero bambo. "Ndinagwira phewa la bambo wina amene anaima pambali panga. Ndinamuuza kuti, 'Mawu amenewo ndi a mwana wanga.'"

Phee anakwera pakaliyala. Mikono yake inali yofiira, ikuwawa. Anagwira malaya a bambo ake mwamphamvu.

"Tiyeni, bambo," anatero mokweza. "Tikawauze amayi."