Mwala wa Nchimunya

Nchimunya anaima padzuwa, mwala uli m'dzanja lake lamanja, thukuta likutsetsereka kumsana. Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Seputembala, ndipo monga mwa chizolowezi, anthu anali atasonkhana pabwalo la fumbi limene lili pakati pa msika wa Kafue ndi njanji. Sanali opitirira makumi anayi. Onse anali chete, aliyense atagwira mwala wake.

Mwambo woimirira mtendere anauyambitsa Ba Ferdinand, mkulu amene anagwira ntchito kunjanji zaka zambiri asanapume. Dongosolo lake linali lalifupi koma lokhwima. Aliyense ankatola mwala umodzi panjira pobwera. Folo koloko ikakwana, Ba Ferdinand ankaliza wezulo wawo wakale, ndipo anthu ankaima chete kwa mphindi makumi awiri, kukumbukira onse amene anagendedwa ndi magulu a anthu okwiya m'tauniyo. Wezulo akaliranso, aliyense ankapita kukaika mwala wake pamulu umene unali patsinde pa mtengo wa mango. Wochedwa ankaima kunja kwa mzere. Lamulo lalikulu linali lakuti pasapezeke wofunsa mnzake chimene wabwerera, ndiponso pasapezeke woloza mnzake chala.

Minibasi ina inaima pamsewu, kondakitala wake natulutsa mutu pawindo.

"Ba mtendele! Mwaimilila monga mapolo ya malaiti! Kwelani tiyende ku Lusaka, mukaimilile kwamene kuli bantu!"

Okwera anaseka. Pabwalo panalibe amene anayankha. Nchimunya anafinya mwala wake mpaka zala zinachita dzanzi. Komatu sanali kondakitalayo amene ankamuwawitsa mtima. Anali mayi wa mpango woyera amene anaima mapazi asanu okha kuchokera pamene panali bambo ake a Nchimunya, atatsinzina mwaulemu.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, bambo ake a Nchimunya, Ba Harrison, ankagula nsomba ku Chanyanya ndi kubwera nazo kumsika panjinga. Tsiku lina munthu wina anafuula kuti, "Kawalala!" chifukwa njinga yawo inafanana ndi ina imene inabedwa. Pabwalo lomwelo anthu anawazinga ndi kuwagenda. Mwendo wawo unathyoka pawiri, ndipo diso lamanzere linafa. Mwini njinga yobedwayo anafika pambuyo pake, nanena kuti sinali imeneyo. Amene anayamba kufuula sanadziwike mpaka lero.

Nchimunya, amene pa nthawiyo anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, anaona zonse atabisala kuseri kwa thebulo la tomato. Nkhope zambiri anaziiwala, koma imodzi inamukhala m'mutu. Anaona Ba Phyllis, mayi wogulitsa vitumbuwa pachipata cha msika, akutola chidutswa cha njerwa ndi kuchiponya. Mayi wa mpango woyera uja anali iwowo.

Mwambo utatha, Nchimunya ndi bambo ake anauyamba ulendo wobwerera kwawo ku Nangongwe. Ankayenda pang'onopang'ono chifukwa Ba Harrison ankatsamira ndodo. Masiku amenewo ankakonza njinga za anthu pakhomo pawo, ngakhale kuti iwo sakanathanso kupalasa.

"Batata, ine nalema," anatero Nchimunya.

"Walema na chani, Nchimu? Kuimilila chabe? Nanga ine wa mwendo umozi nikambe bwanji?"

"Musaseke, batata. Mwezi na mwezi tiimilila, chasintha ni chani? Mwendo wapola? Diso yabwela? Myala yamene tiunjika, mvula ikabwela bazatenga kutsekela matope pa geti ya maliketi. Ndiye mtendele wamene uyo?"

"Ngati bantu bapita bwino pa geti, ni nchito yabwino."

"Nanga Ba Phyllis? Baimilila pafupi na imwe monga mngelo, koma ndiye bamene..."

Ba Harrison anaima, namuyang'ana ndi diso lawo limodzi.

"Usakambe zina ya munthu mukulu pa msewu. Nakuuza kangati? Siya."

Koma mawuwo sanamutsike Nchimunya. Mwezi wonsewo, akamapita kusukulu, ankadzera njira yakutali kuti asaone thebulo la vitumbuwa. Akaona bambo ake akulimbana ndi ndodo potsika pakhonde, mkwiyo unkamubwerera watsopano. Chimene chinkamupweteka koposa chinali chakuti anthu onse ankaoneka okhutira ndi kukhala chete.

Loweruka loyamba la Okutobala kunatentha kwambiri, koma anthu anabwera ochuluka kuposa masiku onse. Achinyamata a mpingo wina anafika pagulu, ndipo ena a mumsika anatsatira kudzaona. Onse pamodzi anapitirira zana, ndipo ambiri a iwo sankadziwa malamulo. Anangouzidwa kuti atole mwala.

Mphindi makumi awiri zitatha, Ba Ferdinand analiza wezulo. Mkuluyu ankalankhula Chinyanja cha m'mabuku, mawu aliwonse m'malo mwake.

"Abale ndi alongo, popeza lero tili ndi alendo, ndapempha munthu mmodzi kuti ationetse m'mene timachitira. Chiyambire mwambo uno, mayi awa sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Mayi Phyllis, tsogolani."

Ba Phyllis anayenda molunjika kumtengo, ataweramitsa mutu. Apa Nchimunya analephera kudzigwira. Mawu anatuluka m'kamwa mwake asanawaganizire bwino.

"Aba? Aba ndiye bationese? Ndiye banapwanya diso ya batata banga! Ninabaona na maso yanga, banabatema na njelwa pamene pano!"

Kenaka kunayamba kung'ung'udza, kochokera kumbuyo kumene kunali alendo.

"Ni uti? Ni uti?"

"Uja wa chitambala yoyela!"

"Alibe na nsoni! Abwela kupemphela pamene anapaila munthu!"

Mzere unasweka. Anthu anayamba kuyandikira kumtengo, ndipo ena anathamanga kuchokera mumsika osadziwa n'komwe chimene chachitika. Ba Ferdinand analiza wezulo kawiri, katatu, koma palibe anawamva. Nchimunya analizindikira phokosolo. Linali lomwe lija analimva ali kuseri kwa thebulo la tomato. Atayang'ana uku ndi uku, anaona chinthu chimene anali asanachiganizire: munthu aliyense pabwalopo anali ndi mwala m'dzanja.

"Iyayi! Lekani!" anakuwa motero, koma mawu ake anamira m'chisokonezocho.

Ba Phyllis anali atatsamira mtengo, ataphimba mutu ndi manja. Pamenepo Nchimunya anaona bambo ake akudumphadumpha ndi ndodo mwaliwiro limene anali asanalionepo. Anafika patsogolo pa mayiyo, natembenukira gulu, natambasula dzanja lawo lamanzere.

Mwala unachokera kumbuyo kwa gulu. Unawamenya Ba Harrison pamphumi, pamwamba penipeni pa diso lamanja, diso lokhalo limene linatsala. Anadzandira, koma sanagwe. Magazi anatsikira kutsaya mpaka pakolala ya malaya.

Phokoso linatha nthawi yomweyo.

"Pali wina futi?" anafunsa Ba Harrison, mawu awo ali otsika. "Nili pano. Munanizolowela kale."

Wina anagwetsa mwala wake pansi, wina natsatira.

"Osati pansi," anatero Ba Ferdinand mwaukali. "Pamulu. Mmodzimmodzi."

Ku kiliniki anawasoka Ba Harrison malo anayi. Namwino ananena kuti mwalawo ukanangotsika pang'ono, ngati kukula kwa chala, bambowo sakanaonanso dzuwa. Nchimunya anamva mawuwo ataima pakhomo.

Atafika kunyumba, anawapatsa bambo ake madzi akumwa atagwada, ndipo sanadzuke.

"Batata, munali kuziba kuti ni beve?"

"Ninabaona na ine. Diso inali ikali kuona pamene njelwa inali kubwela."

"Manje chifukwa chani simunakambe?"

"Mwezi uliwonse babwela, baimilila pafupi na ine, manja yanjenjema. Iwe unali kuyangana chitambala, ine ninali kuyangana manja. Uganiza ni chopepuka kuimilila paja?" Anamwa madzi, naika kapu pansi. "Uja anatema mwala lelo, unamuona nkhope?"

"Iyayi."

"Na ine sininamuone. Koma wamene anayamba kupunda lelo, mau yake niyaziba."

Nchimunya anaweramitsa mutu, pozindikira kuti woyamba kufuulayo anali iye mwini.

Masabata otsatira anali olemera. Thebulo la vitumbuwa pachipata cha msika linakhala lopanda munthu. Kunamveka kuti ana ena ankagenda denga la nyumba ya Ba Phyllis akamachokera kusukulu, ndiponso kuti azimayi anzawo anasiya kuwapatsa moni pampopi. Kusukulu, anzake ena ankamuyamikira Nchimunya kuti ndi wolimba mtima. Iye ankangochokapo.

Tsiku lina masana Ba Ferdinand anabwera kudzazonda wodwala. Atacheza ndi Ba Harrison, anamuitana Nchimunya. Mtsikanayo anagwada chapatali.

"Mwana iwe, unalankhula pamene akulu anali chete, ndipo unaloza chala mayi wa msinkhu wa amako. Anthu ambiri andiuza kuti sadzabweranso, akuopa. Mwezi wamawa akapanda kubwera, mwambowu ndiutseka."

"Pepani, ba shikulu. Ine sinizabwelako futi. Nizibisa nkhope."

"Sindinanene zimenezo. Pabwalo paja palibe wofunsa mnzake chimene wabwerera, ndipo palibe amene adzakuloze chala. Lamulo limene unaswa lija likukusunga nawenso." Anatenga chipewa chawo, natsanzika.

Loweruka loyamba la Novembala kunachita mitambo. Nthawi itayandikira, Ba Harrison anavala malaya awo oyera, natenga ndodo. Atafika pamphambano ya njira yopita kumsika, Nchimunya anawerama, natola miyala iwiri.

"Batata, niyembekezeni pano."

Bambo ake anayang'ana miyala iwiriyo, kenaka anakhala pachitsa osafunsa kanthu.

Nyumba ya Ba Phyllis inali kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ngalande. Makatani anali otseka. Nchimunya anagwada pakhonde.

"Odi! Odi kuno!"

Panapita nthawi chitseko chisanatseguke, ndipo chinangotseguka pang'ono. Ba Phyllis anali ataonda. Maso awo anagwera pa miyala ija.

"Wabwela kusiliza?"

"Iyayi, amai. Umozi ni wanu. Nabwela kupepesa. Batata bali pa kona, batiyembekeza."

Mayiyo anapukusa mutu.

"Upepesa chani, mwana wanga? Sunaname. Ninatema zoona. Ninamvela chabe bantu bapunda, ninatola njelwa. Sininafunse na kufunsa."

"Niziba. Na ine sininafunse."

"Bantu bazaniyangana."

"Bazaniyangana na ine, amai."

Ba Phyllis anatseka chitseko. Nchimunya anamva loko akulira. Anafuna kudzuka, koma anakhalabe chogwada, simenti ikumuwotcha maondo. Mphepo inayamba kuuluza mapepala m'ngalande. Kutali kunamveka sitima ya katundu ikudutsa, ndipo anadziwa kuti folo koloko yakwana kale.

Kenaka loko analiranso. Ba Phyllis anatuluka atamanga mpango wawo woyera. Anatambasula dzanja, ndipo Nchimunya anaona kuti linali kunjenjemera. Anaikamo mwala ndi manja awiri, monga mwana amaperekera chinthu kwa wamkulu.

Anayenda atatu, potsata liwiro la ndodo ya Ba Harrison. Pofika pabwalo anapeza anthu khumi ndi mmodzi okha ataima chete, wezulo woyamba atalira kalekale. Nchimunya anaima kunja kwa mzere, pamalo a ochedwa, ndipo akulu awiriwo anaima naye.

Ba Ferdinand, amene chiyambire anali asanalolepo wochedwa kulowa, anayang'ana wotchi yawo. Anayang'ananso atatuwo, mmodzimmodzi. Kenaka anasunthira kumanzere mapazi atatu, nasiya malo pambali pawo.