Wotseka Kumbuyo

Nsapato za bambo zinasowa m'mamawa wa tsiku limene Namzeze amayenera kuyamba kulongedza katundu wake. Panasowanso ndodo, chingwe chakale chimene chinkapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndi bambowo. Bedi linali loyala bwinobwino, zenera lili pululu.

"Nsapato zija ndinazibisa ku galaja, m'kati mwa tayala," anatero achimwene ake, amene anali makaniko, ataima pakhomo ndi mswachi m'manja. "Azipeza bwanji?"

Namzeze anayang'ana pansi. Dzulo lake anawapeza bambo atakhala pakhonde, manja pa maondo ngati munthu wodikira basi, ndipo chisoni chinamugwira. Anakatenga nsapatozo n'kuwapatsa kuti azipukute, apeze chochita.

"Iwe umangofika ngati mlendo n'kuyamba kutikonzera zinthu," anatero achimwene. "Mutu wa bambo suli ngati kale. Akaona nsapato, amaona phiri."

Alamu ake, akazi a achimwenewo, amene anali anamwino, sanalowerere. Anali akuponya kale m'chikwama mabandeji, bulangete, buledi ndi fulasiki ya tiyi. "Mukakanganirana m'njira," anatero. "Taonani kumwambako."

Phiri linali litavala mtambo wakuda kumutu. Aliyense wa m'nyumbamo ankadziwa kuti mtambo wotero umabwera ndi matalala dzuwa lisanalowe, ndiponso kuti nkhalamba ya malaya amodzi singagone nawo panja n'kudzuka.

Bambo anagwira ntchito moyo wawo wonse ndi magulu okweza alendo m'phirimo. Miyendo yawo anatengera ndi Namzeze, koma iye phiri limodzi silinamukwanire. Ankatsogolera alendo m'mapiri a mayiko ena, a chipale chofewa ndi a miyala yokhayokha, ndipo kwawo ankangobwera kudzachapa zovala. Dzinalo anamupatsa ndi bambo omwewo, ati mbalame imene suiona itatera. Akakhala pampando mwendo unkangogwedera wokha.

Galimoto ya achimwene inawasiya pamene msewu umathera, iwo n'kulowa m'nkhalango. M'matope munali mapazi a nsapato zazikulu, ndi timabowo ta ndodo kumanja kwake. Namzeze anawerama n'kukhudza limodzi.

"Sakuthamanga. Tikakoka miyendo tiwapeza asanafike pa mtsinje."

Koma kukoka miyendo ndi achimwene zinali zinthu zosadziwana. Munthu amene wakhala zaka atagona chagada pansi pa magalimoto, mimba inali itamutsogolera kalekale. Ankapuma ngati injini yotha mapulagi, ndipo pa chitunda chilichonse ankaima ati akumanga chingwe cha nsapato. Namzeze ankapita patsogolo, kubwerera, kupitanso, mtima ukumutentha.

"Alamu, mukuyenda phirili kawiri," anatero anamwino. "Tisiyireniko ena."

Pamene mitengo inayamba kuchepa anakumana ndi gulu la anyani litakhala m'njira. Nyani wamkulu sanasunthe. Anayasamula kuonetsa mano, kenako analumpha n'kukoka chikwama cha alamu. Alamu anagwira lamba, nyani anagwira pakamwa pa chikwama, zipi n'kutseguka. Namzeze anamenya mwala ndi ndodo yake, gulu lonse n'kubalalikira m'matanthwe, koma buledi anapita. Anatsala ndi tiyi ndi maswiti ochepa a m'thumba la achimwene.

Mtsinje unali wochepa, wodumpha pa miyala. Namzeze anawoloka osanyowa. Achimwene anaponda mwala wa ndere n'kugwera pa bondo, ndipo pamene alamu ankamanga bandeji, bingu loyamba linagunda kuseri kwa phiri.

Namzeze sanathenso kupirira. "Ine ndatsogola. Muzibwera pang'onopang'ono, njira ndi imodzi mpaka pa kanyumba."

"Tenga bulangete," anatero achimwene, osamuyang'ana.

Ali yekha anauluka. Anafika pa kanyumba kogona okwera phiri thukuta lili kamukamu, n'kukankha chitseko. Munalibe munthu. Koma pansi panali posesa, ndowa inali yodzaza madzi, nkhuni zitasanjidwa pafupi ndi mbaula kuti wobwera pambuyo asavutike. Munthu amene kunyumba ankaiwala kumene kuli bafa, kuno sanaiwale kanthu. Namzeze anamva misozi ikubwera, koma analibe nthawi yake.

Kupitirira kanyumbako kunalibenso mitengo, udzu waufupi ndi miyala basi. Nkhungu inatsika n'kumeza zonse. Anafika pa mphambano pamene njira ina imakwera kunsonga, ina n'kutsikira kuchigwa cha kuseri, ndipo sanaime n'komwe. Kwa iye munthu wokwera phiri amapita kunsonga. Anakwera ndi manja ndi miyendo, akuitana, mphepo ikumubwezera mawu kukamwa.

Kunsonga kunalibe munthu, kunalibe phazi, kunalibe bowo la ndodo. Matalala anayamba kumumenya m'makutu. Anazungulira tanthwe lonse, kusuzumira m'maphompho. Apa m'pamene anakumbukira chinthu chimene ankachidziwa kuyambira ali mwana koma osachiganizira. Bambo sanali wotsogolera. Anali wotseka kumbuyo, munthu amene amayenda pambuyo pa gulu lonse, kutola otopa ndi otsalira. Kunsonga ankafikako mwa apo ndi apo. Malo awo anali pa mphambano, kuonetsetsa kuti aliyense wadutsa ndipo palibe wasokera njira ya kuchigwa.

Anatsika motsetsereka, miyala ikugubuduka patsogolo pake.

Anawapeza bambo atakhala kuseri kwa mwala waukulu, pafupi kwambiri ndi pamene iye anadutsa. Chingwe chinali paphewa, ndodo pakati pa miyendo, malaya atamatirira pathupi. Milomo inali itayamba kuda.

"Bambo."

"Mwabwerako, mayi?" anatero mwaulemu, mano akugundana. "Ndinakuonani mukudutsa. Mumayenda bwino, koma mumathamanga."

Sanamuzindikire. Namzeze anawafunditsa bulangete, n'kuvula jekete lake la mvula kuwaveka pamwamba. "Tiyeni titsike ku kanyumba. Kuli nkhuni, tikasonkhe moto."

"Anzanu ali kuti?"

"Akubwera m'mbuyomu."

"Ndiye tidikira."

"Tikumana nawo m'njira, bambo. Dzukani."

"Nkhungu iyi mukuiona? Tikasemphana nawo, afika pano palibe munthu, atenga njira ya kuchigwa. Kumeneko kuli phompho." Anamuyang'ana ndi diso lakuthwa limene ankaliopa ali mwana. "Munawasiya bwanji anzanu?"

Namzeze anawagwira m'khwapa. Anayesa kuwanyamula, koma nkhalambayo inagwira mwala ndi mphamvu imene sankaiyembekezera. Anayesa kunama kuti enawo abwerera kunyumba. Bambo anangopukusa mutu, ati munthu sanena za gulu zimene sanazione ndi maso. Akanatha kuthamanga kukawatenga achimwene, koma kusiya bambo okha pamphepo imeneyo kunali kuwataya. Panatsala chinthu chimodzi, chimene iye sankachitha. Anakhala pansi.

Anawakumbatira cha kumbuyo kuti awapatse kutentha kwa thupi lake, n'kumawatikita manja. Matalala anasanduka mvula. Mwendo wake unkagwedera, maso ali kunjira, mutu ukuwerenga zonse zimene zikanalakwika. Mwina bondo lakana. Mwina afika pa kanyumba n'kukhala pamenepo, poti iye mwini anawauza kuti njira ndi imodzi mpaka pa kanyumba, osanena za kupitirira. Anadzida kwambiri.

"Mwendowo ukhazikeni," anatero bambo. "Mukutha mphamvu pachabe."

Patapita nthawi bambo anasiya kunjenjemera, ndipo Namzeze ankadziwa kuti zimenezo si zabwino. Mutu wawo unayamba kugwera pachifuwa. Anawagwedeza, kuwafunsa mayina a mitsinje ya m'phirimo, ndipo iwo ankayankha mochedwa, mawu akukokeka.

"Ngati akuchedwa, aitaneni," ananong'ona bambo. Anayesa kuika zala kukamwa koma sizinapindike.

Namzeze anaika zake n'kuimba likhweru lalitali limene bambo anawaphunzitsa iye ndi achimwene ali ana. Anaimbanso, n'kuimbanso mpaka milomo kuwawa. Kenako, kuchokera pansi mu nkhungu, linabwera likhweru lina, lophwanyika, la munthu wopanda mpweya.

Achimwene anatulukira akutsimphina, dzanja lili paphewa la akazi awo, nkhope itatupa ndi kutopa. Sanakhale pa kanyumba. Ati ataona nkhuni zosanjidwa anadziwiratu kumene bambo akakhale. Alamu sanataye nthawi ndi moni. Anagwada, kuwamwetsa bambo tiyi pang'onopang'ono, n'kuwaika switi m'kamwa.

Bambo anawayang'ana onse mmodzimmodzi. "Mwakwana?"

"Takwana," anatero achimwene.

"Wa bondo patsogolo. Ife tiziyenda monga akuyendera iyeyo."

Anatsika motero, achimwene patsogolo, alamu pambuyo pawo, kenako Namzeze, bambo kumapeto atagwira lamba wa chikwama chake. Namzeze anali asanayendepo pang'onopang'ono chotero chibadwire. Anagona m'kanyumba, moto wa nkhuni za bambo ukuyaka, mimba zili pululu.

Kutacha, mvula inali itasiya, koma mtsinje wa dzulo uja sunalinso wodumpha pa miyala. Madzi ofiira ankafika m'chiuno, akukokolola nthambi. Kudikira kuti aphwe sikukanatheka, chifukwa bambo anali atayamba kutsokomola ndipo alamu sanakonde mmene chifuwacho chinkalirira.

Namzeze anamanga chingwe ku mtengo, anawoloka nacho n'kuchimanganso ku mtengo wa tsidya linalo, anabwerera, anawolotsa achimwene, kenako alamu. Atabwereranso kudzatenga bambo, anapeza atamasula chingwe ku mtengo wa tsidya lawo n'kudzimanga nacho m'chiuno. Mfundo yake inali yolondola.

"Tiwolokere limodzi, ndikugwireni," anatero Namzeze.

"Ayi, mayi. Inu muwoloke, mukaime pouma. Ine ndimabwera pomaliza."

"Bambo, madziwa ndi amphamvu."

"N'chifukwa chake muyenera kutsogola. Tikagwa tonse, atikoka ndani? Wa bondo uja?"

Ankanena zoona, ndipo zinamupweteka. Analowa m'madzi, kuwasiya okha pagombe, msana wake ukumva ngati wasiya mwana pamsewu. Atafika tsidya anagwira chingwe pamodzi ndi achimwene ndi alamu.

Bambo analowa ndodo patsogolo, phazi limodzi, kenako linzake. Anafika pakati. Chinthambi chinabwera ndi madzi n'kuwamenya m'miyendo, ndodo inapita, mutu n'kumira. Chingwe chinakoka mwamphamvu mpaka kusupula zikhatho za Namzeze. Achimwene anakhala pansi, kuponda muzu ndi mwendo wabwino, n'kukoka ngati akutulutsa galimoto m'matope. Namzeze analumphira m'madzi motsatira chingwe, anagwira kolala ya jekete, ndipo onse awiri anakokeredwa pa mchenga.

Bambo anasanza madzi, alamu akuwamenya pamsana. Atapeza mpweya anadzuka pa maondo, kutembenukira kuphiri, n'kufunsa ndi mawu otha, monga ankachitira pa mapeto a ulendo uliwonse, ngati kuli wina watsala. Anadikira yankho. Kunali madzi okha.

Kenako anagwira mkono wa Namzeze. "Mayi, inu munafika kunsonga. Simunamuone mwana wanga wamkazi kumeneko? Wamtali ngati inuyo. Amakonda kutsogola, sadikira munthu."

Achimwene anatsegula pakamwa, koma alamu anawagwira dzanja.

"Ndinamuona," anatero Namzeze. "Ali bwino."

"Akubwera?"

"Akubwera, bambo."

Anafika nawo kuchipatala masana, ali pamsana pa Namzeze kuchokera m'nkhalango mpaka pa galimoto. Chifuwa chinawasunga m'chipatalamo kwa kanthawi, koma anatuluka ndi miyendo yawo. Achimwene anauza aliyense wobwera ku galaja za mtsinje uja, ndipo madziwo ankakwera pa kufotokoza kulikonse mpaka anafika m'khosi.

Gulu la alendo limene Namzeze amayenera kukalitsogolera kunja linanyamuka ndi munthu wina. Foni inalira kangapo, iye n'kuyankha kuti sakudziwa adzabwera liti. Sizinali zophweka. M'mawa uliwonse miyendo inkamuyabwa, ndipo ndege ikadutsa ankaitsatira ndi maso mpaka itazimiririka.

Madzulo bambo ankakoka mpando kupita nawo pa geti, kuyang'ana kumsewu. Tsiku lina Namzeze anatenga mpando wina n'kukhala pambali pawo.

"Mukudikira ndani, bambo?"

"Mwana wanga. Anatsogola, koma abwerera. Sindingalowe m'nyumba asanadutse." Anamuyang'ana mokoma mtima. "Inu pitani, mayi, musachedwe nane. Amatenga nthawi ameneyo."

"Ndilibe kopita," anatero Namzeze. "Timudikirira limodzi."