Tinsomba ta Chiletso Tamva Chisanu

Chiletso amakhala ku Hobhouse. Ali ndi tinsomba titatu. Tili ndi michira yofiira. Timakonda madzi ofunda.

Kale tinkakhala m'thanki yaing'ono yagalasi. M'thankimo munali hita yaing'ono. Hitayo inkafunditsa madzi.

Tsiku lina azakhali ake, a Esnath, anabwera ndi thanki yaikulu. Anaipatsidwa kuntchito, ku Fairbridge Park.

Chiletso anavina. Anasamutsa tinsomba. Amayi anasamutsa hita.

Kenako Juni anafika. Mphepo yozizira inatsika m'mapiri.

M'mawa wina, tinsomba tinangoti phee pansi. Sitinasambire. Chiletso anathira chakudya. Sitinadye.

"Amayi! Tinsomba tanga tikufa!" Chiletso analira.

Amayi anasiya kusita. Anagwada pambali pake.

"Pukuta misozi, mwanawe," anatero Amayi. "Tiye tifufuze. Kodi magetsi alipo?"

Chiletso anayatsa babu. "Alipo!"

"Kodi pulagi yalowa bwino?"

Chiletso anasuzumira kukhoma. "Yalowa!"

"Nanga kanyali ka hita kakuyaka?"

"Kakuyaka, Amayi."

Amayi anagwira chibwano. "Iii, ndiye chavuta n'chiyani?"

Chiletso anagwira galasi pafupi ndi hita. Panali pofunda. Anagwira pakati. Panali pozizira. Anagwira kumapeto. Kunali zii, ngati mwala wa kumtsinje!

"Amayi, hita sinafe!" anatero Chiletso. "Yangochepa. Madziwa aichulukira."

Amayi nawonso anagwira galasilo. "Zoonadi! Thanki yaikulu imafuna hita yaikulu."

"Koma ife tilibe yaikulu," anatero Chiletso. Anaganiza, anaganiza. Kenako anathamangira kuseri kwa chitseko. Anabwera atanyamula thanki yakale ija.

Amayi anazula pulagi. Anadikira kuti hita izizire. Chiletso anatunga madzi a m'thanki yaikulu, n'kumathira m'thanki yaing'onoyo. Kapu imodzi. Makapu awiri. Makapu ambirimbiri!

Anasamutsa tinsomba mosamala. Amayi anaikamo hita, n'kuyatsa.

Anadikira. Anamwa tiyi. Anadikirabe.

Masana, kamchira kamodzi kanagwedezeka. Kenako kachiwiri. Kenako kachitatu!

Chiletso anathira chakudya pang'ono. Tinsomba tinathamangira pamwamba. Tinadya, tinadya!

Chiletso anapuma mpweya wautali. "Tachira, Amayi!"

"Tachira ndithu," anatero Amayi, akumukumbatira. "Hita yaikulu tikaifunafuna m'tauni Loweruka."

Chiletso anagunditsa mphuno pagalasi. Galasilo linali lofunda mbali zonse.