Mng'alu wa Pakhoma

Namafunso anaima patsogolo pa tebulo la aphunzitsi a fizikisi, manja kumbuyo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, poti mtsikanayu sankalola chinthu kudutsa osachifunsa. Koma tsiku limeneli ofunsa anali aphunzitsi.

Aphunzitsi anakweza kope lake molunjika pawindo kuti kuwala kudutse papepala. "Apa pafufutidwa. Apanso. Apa ndiye pepala latsala pang'ono kubooka. Unkalimbana ndi ndani, mwanawe?"

Nkhaniyi inayambira kunyumba. Khoma la chipinda cha bambo ake linang'aluka kuchokera pansi mpaka pawindo. Kuseri kwa khomalo, kungodumpha mpanda, kunali shedi ya a Kalipentala, amene anali atangogula makina opalira matabwa. Makinawo akalira, makapu ankanjenjemera m'kabati. Bambo ake sanafunenso umboni wina. Anasiya kupereka moni kwa aneba awo, kenako anakadandaula ku ofesi ya m'deralo. Mayi oyanjanitsa anthu a ku ofesiko anaika tsiku lokambirana, Loweruka, ndipo ananeneratu kuti zikapezeka kuti makina ndiwo akuwononga nyumba, shedi itsekedwa. A Kalipentala anali ndi ana asanu, ntchito ina analibe.

Namafunso anatenga mng'aluwo kukhala kafukufuku wake wa ku kalabu ya sayansi. Aphunzitsi anamuonetsa njira imene mainjiniya amayezera khoma long'aluka. Anathyola rula pawiri, namata chidutswa chimodzi mbali iyi ya mng'alu, china mbali inayo, mosanjikizana. Khoma likatseguka, zidutswazo zimatsetsereka. M'mawa uliwonse iye ankawerenga mamilimita, n'kulembanso ngati makina analira dzulo lake kapena ayi.

Patatha masabata asanu ndi limodzi, manambala anamuchita chipongwe. Masiku amene makina analira tsiku lonse, mng'alu sunasunthe ngakhale pang'ono. Unangokula katatu kokha, mamilimita anayi onse pamodzi. Kawiri kanali Lolemba m'mawa, pamene Lamlungu a Kalipentala sagwira ntchito. Kachitatu n'kuti magetsi atazima dzulo lake lonse. Khoma lanji losweka makina ali chete? Namafunso anaganiza kuti wolakwa ndi iye, mwina anayeza ndi maso atulo. Anafufuta manambala atatuwo, n'kugawa mamilimita anayiwo pang'onopang'ono pa masiku amene makina analira. Tebulo lake linaoneka bwino zedi.

"Sindinafune kunama, aphunzitsi," anatero Namafunso. "Ndimakonza. Zimene ndinapezazo n'zosamveka."

"Zosamveka kwa ndani? Kwa iwe kapena kwa khoma?"

"Koma makapu amanjenjemera! Ndimawaona ndi maso angawa."

"Ndiye kafukufuku wako ndi wa makapu?" Aphunzitsi anamubwezera kope. "Bwezeretsa manambala ako. Iwe wawafunsa funso limodzi lokha, ndipo akuyankha kuti ayi. Afunse lina."

"Liti?"

"Ndikanalidziwa, si bwenzi ali kafukufuku ameneyu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anatuluka mutu utaima. Ha, akuluakulu ena! Munthu wapita ndi funso limodzi, wabwerako ndi khumi. Usana wonse wa Lachinayi limenelo anangokhala ngati wagwa mumtengo. Anaganiza za magalimoto akuluakulu, koma msewu unali kutali. Anaganiza za chiswe, koma chiswe chimadziwa bwanji kuti lero ndi Lamlungu? Mnzake wa padesiki atamufunsa nthawi, iye anayankha kuti mamilimita anayi, kalasi yonse n'kugwa nacho chiseko.

Lachisanu akuweruka, mvula inayamba yamphamvu. Namafunso anathamangira kuseri kwa nyumba kukaanula zovala, ndipo ali m'kati moanula anamva kuzizira m'mapazi. Anali ataima m'chithaphwi. Madzi onse a padenga ankatsika ndi paipi imodzi, n'kumakhuthukira patsinde penipeni pa khoma long'aluka lija. Paipiyo anaiika ndi bambo ake ndi manja awo chaka chatha, ndipo ankainyadira moti mlendo aliyense ankapita naye kuseri kukamuonetsa. Namafunso anatola kamtengo n'kukabaya pansi. Kanalowa ngati m'phala, mpaka dzanja lake linagunda matope.

Zovala anaziponya pampando, nabwerera kusukulu mvula ikumuthira. Pakhomo la labu pankapachikidwa buku limene a kalabu ya zanyengo ankalembamo mvula ya tsiku lililonse. Analitsegula ndi zala zonyowa, naika kope lake pambali. Lamlungu loyamba lija kunagwa mvula yambiri. Lachiwiri lija chimodzimodzi. Tsiku lozima magetsi ndiye kunagwa chimvula chimene chinagwetsa mapolo a magetsi.

Bwenzi atasangalala, koma ayi. Kusadziwa kuja kunaliko bwino.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake akusita malaya oti avale mawa, akuimba kamluzu.

"Ababa, za kafukufuku uja..."

"Usaope, mwana wanga. Ukangowerenga manambala ako basi. Aone kuti sitinakutumize kusukulu kukasewera."

"Koma ababa, paipi ija..."

"Yagwira ntchito lero, eti? Padenga sipanatsale dontho!" Anatembenuza malaya, n'kupitiriza kamluzu kawo.

Namafunso analowa kuchipinda atagwira njakata. Anali ndi mapepala awiri. Loyamba linali laudongo, limene anakopera masiku apitawo ndi manambala okonzedwa aja. Lachiwiri linali la m'kope, lakuda ndi zofufuta. Loyambalo likanatseka shedi ya a Kalipentala. Lachiwirilo likanachititsa manyazi bambo ake pamaso pa anthu. Anawaika onse awiri m'chikwama.

Loweruka m'mawa anakhala m'kachipinda ka ku ofesi, pamabenchi awiri oyang'anizana. A Kalipentala anabwera ndi ovololo yawo ya utuchi, chipewa akuchifinya m'manja. Analankhula mwachidule kuti makinawo anawakhazika pa matayala akale kuti asagwedeze pansi, ndipo kupitirira apo sadziwa. Bambo a Namafunso analankhula motalika, kenako anamuloza.

"Ine sindilankhula zam'mutu, mayi. Mwana wangayu wayeza khomalo masabata asanu ndi limodzi. Ima, uwauze."

Anaimirira. Dzanja linalowa m'chikwama n'kukhudza mapepala onse awiri. Anayang'ana bambo ake, amene nkhope yawo inali kuwala ndi kunyada. Anayang'ananso zala za a Kalipentala, zokhala ndi zipsera, zikufinyabe chipewa chija. Anatulutsa kope.

Anawerenga zonse mmene zinalili. Ananena za masiku atatu aja, za buku la mvula, za kamtengo kolowa m'matope. Sanabise ngakhale zoti poyamba anafufuta manambala. "Sindikudziwa zonse," anamaliza choncho. "Mwina pali china chimene sindinachione. Koma makina akalira khoma silisuntha. Limasuntha madzi a m'paipi yathu akafewetsa dothi la pansi pake."

Bambo ake anamuyang'ana ngati sakumudziwa.

"Paipi yanga?"

"Inde, ababa."

A Kalipentala anatsegula pakamwa, ndipo zinaonekeratu kuti mawu a miyezi inayi afika pakhosi. Mayi oyanjanitsa anakweza dzanja mofatsa. "Dikirani kaye, abambo. Pano sitinabwere kudzapeza wopambana. Nonse awiri mumagona pafupi ndi khoma limeneli, ndipo likagwa silisankha mbali. Ndikufunseni inu odziwa zomanga, likufunika chiyani kuti lisagwe?"

A Kalipentala anaika chipewa chija pabondo. "Paipiyo idulidwe, ilumikizidwe ndi ina yopita kungalande ya kumsewu. Dothi likauma, mng'alu umatika. Si ntchito yaikulu."

Mayiwo analemba, nati mwanayu apitirize kuyeza mwezi wina umodzi, kenako adzakumanenso. Shedi sinatsekedwe.

Pobwerera, bambo ake anayenda patsogolo, iye pambuyo. Namafunso misozi inali kutsika yokha. Anadzifunsa ngati wachita bwino kapena waononga. Ankawakonda bambo ake, ndipo anali atawavula pagulu.

Atafika, bambowo sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri ndi malaya awo ositasita omwewo, naima nthawi yaitali akuyang'ana matope a patsinde pa khoma. Anapondapo ndi nsapato, nsapato n'kumira. Kenako anakoka makwerero n'kuwatsamiritsa kukhoma.

"Ukungoima bwanji? Gwira apa, ndingagwe."

Namafunso anagwira makwerero ndi manja onse awiri. Bambo ake anakwera, nagwedeza paipi ija uku ndi uku, koma inali yolimba. Anaimanga bwino kwambiri. Anapuma mozama, natembenukira kumpanda. Anatsokomola kamodzi, kawiri.

"Aneba!" anaitana. "Muli ndi sowo yodulira paipi?"

Kutsidyako chitseko cha shedi chinalira.

"Musatsike," anayankha a Kalipentala. "Ndikubwera nayo."