Mbatata Ziwiri ndi Mwezi

Dorika ankakhala m'munsi mwa phiri la Chongoni. Anali mu Sitandade 2. Dorika ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona mwezi pafupi.

Mwezi wa Julaye chaka chimenecho, wailesi inanena kuti anthu aponda pamwezi. Ena anakhulupirira. Ena anangoseka.

Aphunzitsi a Kalisto anali ndi kagulu koona nyenyezi. Iwo anakabwereka galasi loonera nyenyezi ku mishoni. Linali lalitali ngati musi. Linali ndi miyendo itatu.

"Atibwereka masiku atatu okha," anatero aphunzitsi. "Lachinayi libwerera."

Lolemba dzuwa litalowa, anthu anasonkhana pabwalo la sukulu. Kunkazizira kwambiri. Akuluakulu anaima patsogolo. Ana anaima pambuyo. Dorika anali wamng'ono kuposa onse. Iye anaima kumapeto.

A Gervazio, mkulu wa kwaya, anayamba kuona. Anaona, naona, naonabe.

"Nanga anthu aja ali pati?" anafunsa a Gervazio.

"Sangaoneke, bambo. Ndi kutali," anayankha aphunzitsi.

"Dikirani. Mwina abisala kuseri."

Anthu anaseka. Mzere unayenda pang'onopang'ono. Kenaka inafika nthawi ya Dorika. Anatseka diso limodzi. Anasuzumira. Anangoona mbuu.

"Pepa, Dorika," anatero aphunzitsi. "Mame agwa pagalasi."

"Ndipukute ndi mpango wanga?"

"Ayi, mwana wanga. Galasi lingakandike. Si lathu."

Lachiwiri anthu anabweranso. Akuluakulu anaima patsogolo. Ana anaima pambuyo. Dorika anaima kumapeto. Mame anagwanso. Dorika anangoona mbuu.

Panjira, mchimwene wake Kizito anamufunsa, "Iwe, waona chiyani lero?"

"Zoyera basi, ngati phala."

"Ho! Anzako taona mapiri. Iwe waona phala!"

Tsiku linatsala limodzi lokha.

Lachitatu m'mawa, Dorika anatuluka kukasesa. Mame anali paliponse. Anali paudzu. Anali pakhasu. Anali pandowa. Koma mafuwa a panja, pamene mayi anaphikira dzulo, anali ouma. Dorika anawakhudza. Anali ofundabe.

"Mayi, bwanji mafuwa alibe mame?"

"Mame sakhala pofunda," anayankha mayi. "Sesa msanga, uchedwa kusukulu."

Dorika anasesa. Ankasesa akuganiza.

Madzulo mayi anaotcha mbatata za kachewere. Ankachita zimenezi masiku onse ozizira. Anapatsa Kizito ziwiri. Anapatsa Dorika ziwiri.

"Fumbatani, manja asazizire. Mudye pobwerera."

Tsiku limeneli mayi nawo anapita. Anabereka mwana kumbuyo. Anaima patali, pafupi ndi mtengo. Sanalowe pamzere.

Dorika anapita kwa aphunzitsi. Anagwada.

"Aphunzitsi, mame sakhala pofunda."

"Ndi zoona. Ndiye?"

"Ndili ndi mbatata ziwiri zotentha. Tilifunditse galasi."

Kizito anaseka. "Galasi lidye mbatata?"

Aphunzitsi sanaseke. Anakhudza mbatata. Anayang'ana galasi. Anayang'ana Dorika.

"Nanga manja ako?"

"Ndipirira."

"Tiyeni tiyese," anatero aphunzitsi.

Dorika anavula mpango wake. Anakulungamo mbatata ziwiri. Aphunzitsi anamanga mpangowo kutsogolo, m'mbali mwa galasi. Mbatata ina uku, ina uku. Galasi linaoneka ngati munthu wodwala dzino.

Dorika anabwerera kumapeto kwa mzere.

A Gervazio anayambanso kuona. Anaona, naona, naonabe.

"Lero mwezi ukununkhira mbatata," anatero.

Anthu anaseka. Dorika sanaseke. Makutu ake anazizira. Manja ake anazizira. Anawaika m'khwapa. Anapemphera chamumtima.

"Ambuye, mbatata zisazizire msanga."

Mzere unayenda. Panatsala anthu khumi. Udzu unayamba kunyowa. Panatsala anthu asanu. Mapazi a Dorika ananyowa. Panatsala mmodzi.

Kenaka inafika nthawi ya Dorika. Anatseka diso limodzi. Anasuzumira.

Sanaone mbuu. Anaona mwezi!

Mwezi unali waukulu. Unali ndi mapiri. Mapiriwo anali ndi mithunzi. Unali ndi maenje ambirimbiri.

"Waona chiyani?" anafunsa aphunzitsi.

"Maenje!" anatero Dorika. "Ngati m'munda mwathu tikakumba mbatata."

"Ona bwino. Ndiwe womaliza. Palibe akukuthamangitsa."

Dorika anaona pang'ono. Kenaka anakhudza mpango. Unali wofundabe, koma pang'ono chabe. Anatembenuka.

"Mayi! Bwerani msanga, zisanazizire."

"Ine? Ayi, ndangokuperekezani."

"Bwerani, mayi a Kizito," anatero aphunzitsi. "Mbatatazi munaotcha ndinu."

Mayi anabwera. Anawerama, mwana ali kumbuyo. Anasuzumira.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero motsitsa mawu.

Aphunzitsi anamasula mpango. Mbatata zinali zitazizira. Anam'bwezera Dorika.

"Zikomo, Dorika. Mawa ndikawauza a ku mishoni kuti galasi lawo limakonda kachewere."

Pobwerera, Dorika ankanjenjemera. Kizito anapisa m'thumba mwake. Anatulutsa mbatata imodzi. Inali yofundabe. Anaiika m'manja mwa Dorika.

"Fumbata," anatero. "Koma usadye yonse."

Dorika anafumbata ndi manja onse awiri. Mayi anali patsogolo. Mwezi unkawaunikira njira mpaka kunyumba.