Mphepo, Kansalu Kanga Sutenga!

Dzina lenileni analinalo, koma onse ankamutcha Kachiwala. Ankadumpha popita kusukulu. Ankadumpha pobwerera. Ngakhale potsuka mbale ankadumpha!

Tsiku lina kunabwera chimphepo. Chinasasula denga la nyumba yawo. Malata anauluka ngati mapepala. Palibe amene anavulala. Bambo anakhoma denga lina. Koma Kachiwala anasiya kudumpha.

Mphepo ikangoyamba, Amayi ankathamanga. Ankatseka chitseko. Ankatseka mawindo. Ankatseka ndi makatani omwe.

"Khala m'nyumba, mwanangu," ankatero. "Muno muli bwino."

Amayi ankamukonda, inde. Koma m'nyumbamo ndi mmene malata ankalira kwambiri. Gu! Gu! Gu! Kachiwala ankakwawira pansi pa tebulo. Ankatseka makutu. Ankachita mantha zedi.

Kusukulu anasiya kupita. Sabata inatha. Mwezi unatha. Anzake ankamusowa. Iyenso ankawasowa, koma sankanena.

Lolemba lina Amayi anamugwira dzanja mpaka kusukulu. Anafika pakhomo pa kalasi. Kachiwala anayang'ana kumwamba. Malata! Anaima nji.

"Lowa, Kachiwala," anatero Aphunzitsi.

"Sindilowa."

"Lowa, mwanangu," anatero Amayi.

"Sindilowa!"

Ahedi anabwera, makiyi akulira m'thumba. "Mwanayu alowe," anatero. "Sukulu ndi m'kalasi."

Kachiwala anapinda manja. "Sindilowa, sindilowa, sindilowa!"

Aphunzitsi anamuyang'ana. Anayang'ananso malata. Kenako anaika choko pansi.

"Chabwino," anatero. "Iwe usalowe. Ife tituluka."

"Aphunzitsi!" anatero Ahedi. "Panja aphunzira chiyani?"

"Aphunzira za mphepo, bwana. Mphepo ili panja."

Ana onse anatuluka ali piringupiringu. Anapita pabwalo. Aliyense analandira ndodo. Aliyense analandira kansalu. Ka Kachiwala kanali kofiira.

"Mangani kansalu pandodo," anatero Aphunzitsi.

Kachiwala anamanga mfundo imodzi. Anamanga yachiwiri. Anamanga yachitatu.

Mnzake wina, yemwe ankamutcha Magweru, anaseka. "Iwe, mfundo zitatu? Ukumanga mbuzi kapena?" Iye anamanga imodzi basi.

"Kwezani ndodo," anatero Aphunzitsi. "Kansalu kakuuzani komwe mphepo ikupita."

Kamphepo kanawomba. Tinsalu tonse tinaloza kumpanda.

"Ikupita uko!" anakuwa ana.

Kachiwala anadabwa. M'nyumba mphepo ankangoimva. Panja pano ankaiona.

Lachiwiri anatulukanso. Tinsalu tinaloza kumsewu. Lachitatu tinaloza kumpope. Lachinayi tinangolendewera lende.

"Lero mphepo yajomba," anatero Magweru. "Ahedi aipatsa chilango."

Kachiwala anamwetulira pang'ono.

Lachisanu kunabwera chimphepo. Fumbi linati koboo! Malata a kalasi anayamba kulira. Gu! Gu! Gu! Chipewa cha Ahedi chinauluka. Kansalu ka Magweru kanauluka. Mfundo imodzi ija!

Miyendo ya Kachiwala inkafuna kuthawa. Koma pabwalo panalibe tebulo. Aphunzitsi anaima pambali pake.

"Ndili pompano," anatero. "Ukuchita mantha?"

"Eya."

"Kansalu kako kakuti chiyani?"

Kachiwala anayang'ana. Kansalu kankakoka. Ndodo inkagwedezeka. Anaigwira ndi manja awiri. Misozi inatsika. Mantha analipo, koma mkwiyo unawaposa.

"Iwe mphepo!" anakuwa Kachiwala. "Unatenga denga lathu! Unandilanda anzanga! Koma kansalu kanga sutenga!"

Magweru anagwira nawo ndodo. "Sutenga!" anakuwa.

"Sutenga! Sutenga!" anakuwa ana onse.

Mphepo inakoka. Mfundo zinagwira. Mphepo inakokanso. Mfundo zinagwirabe. Inakoka, inakoka, mpaka inatopa. Kansalu kofiira kanali pompo.

Ahedi anatola chipewa chawo kumpanda. Anachikutumula fumbi. Anatsokomola.

"Iwe Kachiwala," anatero. "Lolemba udzandimangire chipewachi. Mfundo zitatu."

Kachiwala anaseka. Kenako anadumpha. Kamodzi kokha, koma anadumpha!

Atafika kunyumba, anazika ndodo yake panja pa windo. Madzulo mphepo inayambanso. Amayi anathamangira ku makatani.

"Amayi, musatseke," anatero Kachiwala. "Ndikufuna ndiziiona."

Amayi anaima, katani ili m'manja. "Suopa, mwanangu?"

"Ndikuopa pang'ono. Koma mukatseka ndimaopa kwambiri."

Amayi anasiya katani. Anamukumbatira. "Pepa, mwanangu. Sindinkadziwa."

Gu! Gu! anatero malata. Kachiwala anayang'ana pansi pa tebulo. Kenako anayang'ana pawindo. Kansalu kofiira kankavina.

"Ikupita kumsewu," anatero Kachiwala. "Ingodutsa."

Anakoka mpando. Anakhala pakati pa Amayi ndi Bambo.

"Nanga Lolemba?" anafunsa Bambo. "M'kalasi ukalowa?"

"Ndikalowa," anatero Kachiwala. "Koma ndikakhala pawindo. Ndipo za mphepo tikaphunzirabe panja."

Onse anaseka. Anayamba kudya. Pansi pa tebulo panatsala mphaka yekha.