Mthethe Wachita Maluwa Kumene Ali Bambo

Uthenga woyamba unafika pa tsiku la makumi atatu ndi limodzi chimwalirireni bambo anga, Anghel Pârvu. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti mzimu suchoka msanga. Umayendayenda masiku makumi anayi, kuzonda malo onse amene mwini wake ankapondamo. N'chifukwa chake pawindo la kukhitchini panali kapu ya madzi, ndipo galasi la kuchipinda kwawo linali lophimbabe ndi nsalu.

Ine sindinawaone akudwala. Ndinali ku Italy, ndikuyendetsa lole, ndipo achemwali anga a Corina anandiimbira foni thupi litazizira kale. Pamanda anandiuza, maso ali gwa: "Anakana kuti tikuitane. Anati mwana wamwamuna alibe." Ndinakhulupirira. Sukulu ndinaisiyira panjira, njuchi zawo ndinazithawa, ndipo tinatha zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana.

Anasiya ming'oma makumi asanu ndi limodzi, galu wokalamba, ndi maimelo zikwi zisanu ndi zinayi osatsegula. Mayi Rodica, mlembi wa bungwe la alimi a njuchi, ndi amene anabwera kudzandidzutsa.

"Tudorel, anthu anaitanitsa mafumukazi a njuchi, akudikira yankho. Uziwerenga zonsezi ndi sukulu yako ija?" anatero, akuika pulogalamu ina pakompyuta ya bambo. "Iyi imaganiza yokha. Izisanja chikwi chimodzi usiku uliwonse. Otsatsa malonda iziwakankhira kumbali, m'mawa izikuuza zofunika zokhazokha."

M'mawa mwake ndinadzuka kudakali mdima. Nyumba inali zii, kupatula matabwa amene ankalira tha, tha, chifukwa cha kuzizira. Ndinayatsa kompyuta. Pamwamba pa zonse panali mzere umodzi:

"Anghel Pârvu akuti: chotsa chipale pakhomo pa ming'oma ya kumunsi, njuchi zibanika."

Ndinauwerenganso kachiwiri. Kenako ndinatenga nyali n'kutsetserekera kumunsi. Makomo a ming'oma isanu anali otsekeka ndi chipale, madzi oundana ndi kuzizira, cholimba ngati mwala. Nditagunditsa khutu pathabwa, ndinamva njuchi zikung'ung'udza chapansipansi, ngati anthu opemphera m'chipinda chotseka.

Tsiku lotsatira unabweranso wina: "Mbewa yalowa mng'oma wachisanu ndi chiwiri." Ndinatsegula, ndinapeza zisa zodyedwa pakona.

Ndinauza munthu mmodzi yekha, mayi Saveta a nyumba yoyandikana nafe. Pofika madzulo, mudzi wonse unali utamva. Ena ankati Anghel akuyenda usiku pakati pa ming'oma atavala chipewa chake cha ukonde. Ena ankati akufuna mwana wake wosamvera uja. Omwe sanapondeko kuchipatala kukaona bambo ngakhale kamodzi, tsopano onse anali akatswiri a mizimu.

Pa m'mawa wachinayi, kunja chipale chikufika m'mawondo, uthenga unati: "Mthethe wachita maluwa. Fungo lili ponseponse."

Mayi Saveta anachita chizindikiro cha mtanda katatu. "Wamva, mwanawe?" ananong'ona, atandigwira mkono. "Kumene aliko kukutentha bwino, maluwa ali mbuu. Ali pabwino bambo ako."

Ine sizinanditonthoze. Ngati bambo ankatha kulankhula za mbewa ndi maluwa, tsiku lina akanalankhula za ine. Ndinkadziwa mawu amene ankabwera, pakuti a Corina anali atandiuza kale pamanda. Ndinaleka kugona. Ndinkakhala mumdima ndikumvetsera kompyuta ikupuma patebulo, fuu, fuu, galu naye ali chiimire pakhomo pa chipinda cha bambo, osauwa, osagona.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la mauthengawo a Corina anabwera kudzasankha tirigu amene timawiritsa n'kudya pamanda pa mwambo wa masiku makumi anayi. Nditawaonetsa mauthengawo, nkhope yawo inayera ngati pepala.

"Zimitsa chinthu chimenecho! Ukufukula akufa iwe."

"Mukuopa chiyani, achemwali? Si inu mwana wabwino?"

"Pakamwa pako mpomwe panakuthamangitsa pakhomo pano," anatero, n'kuzula chingwe cha kompyuta kukhoma. Anachikulunga n'kuchiponya m'chikwama chawo.

M'mawa mwake foni yanga, imene mayi Rodica anailumikizanso, inanjenjemera pansi pa pilo. "Anghel Pârvu akuti: ndaiwala dzina la galu. Dzina lake ndi Ursu. Ursu." Galu uja anadzutsa mutu ngati waitanidwa, chonsecho ine sindinatulutse mawu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu linabwera ndi chimene ndinkachiopa. Mzere unayamba ndi dzina langa: "Tudorel..." Sindinapitirize. Ndinaphimba foni ndi dzanja. Kenako mantha anasanduka ukali. Pansi pa uthengawo panali malo olembapo funso, ndipo ndinalemba: "Ndiwe ndani? Bambo anga anamwalira. Ukundizunziranji?"

Yankho linabwera nthawi yomweyo, lofatsa ngati la kalaliki. "Pepani. Mauthenga amenewa mwini bokosi la maimeloli ankadzitumizira yekha, ndipo sanawatsegule. Ndinayamba kusanja akale a chaka chatha, ndikubwera nawo mpaka kwa atsopano. Ndimawaika patsogolo chifukwa ndi ochokera kwa mwini wake. Ndikuonetseni masiku amene analembedwa?"

Masiku aja anaonekera. Wa chipale unali wa Januwale chaka chatha. Wa mbewa, wa Febuluwale. Wa mthethe, wa Meyi. Wa galu, wa Okutobala, pamene mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Panalibe mzimu. Panali nkhalamba yokha, yodzilembera zikumbutso pafoni chifukwa inalibe wouza.

Ndinaseka ndekha m'khitchini muja. Ndiyeno ndinachotsa mantha n'kuwerenga mzere uja wonse.

"Tudorel. Uuze Corina amuimbire Tudorel. Nambala yake ndataya."

Ndinalemba kuti pulogalamuyo indionetse mauthenga onse okhala ndi dzina langa. Analipo khumi ndi anayi. "Corina akuti waimba, sakuyankha." "Funsanso Corina." "Lero ndafunsa kachitatu." Foni yanga sinalirepo ngakhale kamodzi miyezi yonseyo. Womaliza analembera kuchipatala, kutatsala masiku awiri kuti amwalire, zilembo zitasokonekera: "Akapanda kubwera musamukalipire, msewu ndi wautali. Wina adzamuuze za ming'oma ya kumunsi, imatsekeka ndi chipale."

Pa tsiku la makumi anayi, wansembe atamaliza mapemphero, anthu akudya tirigu uja pamanda, ndinawakokera pambali a Corina n'kuwapatsa foni. Anawerenga awiri okha.

"Zaka zisanu ndi chimodzi iwe kulibe," ananong'ona, mano ali okukuta. "Kuwasambitsa ine, kuwadyetsa ine, kuwasaka m'misewu akasochera ine. Koma pakamwa pawo Tudorel, Tudorel. Unkafuna ufike pomaliza, ulire pang'ono, utenge madalitso onse?"

"Mukanandimenya mbama, achemwali. Mukanandibisira nyumba, munda, chilichonse. Koma osati zimenezi."

A Corina anandibwezera foni ija. Anatulutsa chingwe chija m'chikwama n'kundiponyera pachifuwa. Sindinawakhululukire, ndipo amene akuti ndiwakhululukire msanga adye tirigu wawo mwakachetechete. Mayi Saveta nawo mpaka lero amakana za masiku aja. Amati makina angasanje makalata, koma anawauza ndani kuti ming'oma yatsekeka m'mawa womwewo?

Ine sinditsutsana nawo. Madzulo a tsikulo ndinachotsa nsalu pagalasi, ndinathira madzi a m'kapu ija patsinde pa mng'oma woyamba, n'kuyenda mzere wonse wa kumunsi ndikupala makomo ndi chala. Ndinagunditsa khutu pathabwa lililonse. Zonse zinali zamoyo.

Ndinalowa m'nyumba, ndinaitana Ursu ndi dzina lake, ndipo tonse awiri tinagona mpaka dzuwa litakwera.